Mvula iyezedwe m'komboni, osati kwa bwana kokha

Pa 3 Epulo 2024 mtsogoleri wa dziko la Zimbabwe, a Emmerson Mnangagwa, adalengeza kuti chilala chasanduka ngozi yogwera dziko lonse, napempha thandizo la madola a ku America oposa 2 biliyoni. A Hakainde Hichilema a ku Zambia adali atatero kale pa 29 Febuluwale, ndipo a Lazarus Chakwera adatsatira pa 23 Malichi, kutchula maboma 23 mwa maboma 28 a m'Malawi. Palibe adanama mwa atatuwa. Koma pamene ku Harare amalankhula, chimanga chidali chitapsa kalekale, m'mwezi wa Febuluwale. M'makomboni a mafamu a ku Centenary, kumene Chichewa chimamveka pamjigo, kutchalitchi ndi pamaliro, munthu sadikira chilengezo cha boma kuti adziwe kuti chaka chaipa. Amamvera kwa mwini munda m'mamawa, khasu lili paphewa: "Lero kulibe ntchito."

Dandaulo langa lagona pamenepo. Mvula timayezera anthu a minda, makampani obwereketsa feteleza ndi mabungwe a inshuwalansi. Njala timaiwerenga m'mahekitala ndi m'matani. Munthu amene alibe hekitala, amene nsima yake imachokera m'masiku a ganyu, ndiye woyamba kugona ndi njala, komanso ndiye wotsiriza kuuzidwa ndi wotsiriza kulembedwa. Ku Centenary munthu ameneyu nthawi zambiri ndi mdzukulu wa Mmalawi, wa Mmozambiki kapena wa Mzambia. Ine ndikuti choyezera mvula chizikidwe pakhomo pake, chiwerengero achione ndi maso ake, ndipo masiku a ntchito amene wataya alowe m'buku lomwelo limene mumalowa mamilimita.

Tiyambe ndi malowo. Centenary ndi katauni ka pamtunda, kupitirira Mvurwi mukamachokera ku Harare, m'chigawo cha Mashonaland Central. Ndi dera la fodya wa m'mabalani ndi chimanga, la m'gulu limene akatswiri a ulimi kumeneko amati limalandira mvula ya mamilimita 750 mpaka 1,000 pachaka. Mukapitirira n'kutsika mapiri a Mavuradonha pamsewu wokhotakhota uja, mumagwera m'chigwa cha Muzarabani, kotentha ngati ku Chikwawa, kwa thonje, mapira ndi masawu, kumene mvula ndi yochepa ndiponso yosadalirika, koma kumenenso mitsinje ya Musengezi ndi Hoya imasefukira n'kukokolola midzi. Kumtunda ndi kuchigwa konseko ndi boma limodzi la Muzarabani. Tsono wina akaima pawailesi n'kunena kuti chigawo cha Mashonaland Central chilandira mvula ya mlingo wake kapena yocheperapo, akulankhula ndi yani? Wa fodya kumtunda kapena wa mapira kuchigwa? Chiganizo chimene chikukwanira onse awiri sichithandiza aliyense.

Anthu okhala pazilumba za m'madera otentha adaphunzira zimenezi msanga, chifukwa kwawoko phiri limodzi limagawa mvula moonetseratu. Pachilumba cha Kauai ku Hawaii, pamwamba pa phiri la Waialeale pamagwa mvula yoposa mamilimita 9,000 pachaka, pamene kugombe la kumadzulo, mtunda wosakwana makilomita 40, sifika ndi 600 omwe. Kumeneko munthu wonena za mvula ya chilumba chonse angasekedwe. Amafunsa za chigwa chakutichakuti, mwezi wakutiwakuti. Nawonso amadalira anthu wamba. Ku Colorado, ku America komweko, madzi osefukira atapha anthu mumzinda wa Fort Collins m'mwezi wa Julayi 1997, akatswiri adapeza kuti zipangizo zawo zochepazo sizidaone kuchuluka kwenikweni kwa mvula imene idagwa mbali imodzi ya mzindawo. Chaka chotsatira adayambitsa gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa CoCoRaHS, aliyense ndi choyezera chake cha pulasitiki pakhomo, ndipo lero gululi lidafika ku Hawaii, ku Puerto Rico ndi ku Bahamas. Dziko la masetilaiti ambirimbiri likupemphabe agogo ndi ana a sukulu kuti aliwerengere mvula m'mawa uliwonse. Ife tikuyesa kuti ndife ochenjera kuposa iwo?

Chachiwiri chofunika kuchimvetsa ndi m'mene chilala chimaphera mbewu. Sichipha ndi chiwerengero cha chaka chonse ayi, chimapha ndi ng'amba ya pakati. Chimanga chimafuna madzi okwana mamilimita 500 mpaka 800 pa moyo wake wonse, koma sichifuna mofanana masiku onse. Chikadali chaching'ono chimapirira. Masamba amapinda masana, usiku n'kutambasukanso. Chikayamba kumasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu, pamenepo ndiye pa imfa ndi moyo. Dzuwa likang'amba masabata awiri kapena atatu nthawi imeneyi, ngayaye zimathothola mungu ndevu zisanatuluke, ndipo chimene mudzasenda ndi chitsononkho cha maso owerengeka. Mvula ikabwera pambuyo pake, ngakhale ya mvumbi sabata yathunthu, imangothirira mapesi. M'buku la chaka mamilimita aja adzaoneka okwanira, nkhokwe ili mbee.

Ndi zimene zidachitika mu 2024. Mvula idachedwa kuyamba, idagwa bwino chakumapeto kwa Disembala ndi kumayambiriro kwa Januwale, anthu n'kuthira feteleza ndi chiyembekezo, kenako kumwamba kudatseka kuyambira chakumapeto kwa Januwale mpaka kulowa m'Malichi. Dziko la Zimbabwe, limene mu 2023 lidakolola chimanga choposa matani 2 miliyoni, lidangopeza matani pafupifupi 635,000. Fodya naye adatsika kuchoka pa makilogalamu 296 miliyoni a mu 2023 kufika pa 230 miliyoni ndi pang'ono. Munthu amene akadakhala ndi kope la masiku ouma akadaona tsokali likubwera pofika pakati pa Febuluwale. Kuwerenga masiku otero sikufuna digiri. Kumafuna chitini cholembedwa mizere, mtengo wochizikapo pamalo opanda mthunzi, ndi munthu wodzuka kukayang'ana 8 koloko m'mawa, kutaya madziwo, n'kulemba nambala, ngakhale nambalayo ikhale ziro. Ziroyo ndiye uthenga wofunika kwambiri. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi mbali zonse, kapena malita 10,000 pa hekitala. Mwana wa sitandade 6 angazigwire zimenezi tsiku limodzi.

Tsono anthu a m'komboniwa ndani, ndipo bwanji nkhani yawo ili yapadera? Makolo awo adabwera kuchokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Angonia ndi ku Chipata, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere, ena polembedwa ndi bungwe lolemba antchito la Mthandizi. Adagwetsa mitengo, adamanga mabalani, adawotcha fodya amene adalemeretsa Rhodesia. Nkhondo ya ufulu itayaka mwamphamvu ndi kuwomberedwa kwa famu ya Altena kufupi ndi Centenary pa 21 Disembala 1972, iwo adali pakati pa moto, okayikiridwa ndi mbali zonse ziwiri. Ufulu utabwera mu 1980 adatsalabe anthu a bwana. Mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ogwira ntchito m'mafamu sankavota posankha makhansala a madera awo. Pamene minda idayamba kulandidwa ndi kugawidwa mu 2000, m'mafamu akuluakulu mudali antchito oposa 300,000, ndipo kafukufuku wa a Lloyd Sachikonye wa mu 2003 adapeza kuti amene adalandirako malo sadafike 5 mwa 100 alionse. Lamulo la unzika la mu 2001 lidasandutsa ambiri obadwira momwemo kukhala alendo, ndipo ngakhale malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adawabwezera unzikawo, si onse adakwanitsa kusintha ziphaso.

Lero ambiri akadali m'nyumba zomwe zija za m'komboni. Kafukufuku wa a Ian Scoones ndi anzawo kufupi pomwepo, ku Mvurwi, adaonetsa moyo wawo: kamunda kakang'ono kuseri kwa komboni kapena kudambo, kwinaku akugulitsa mphamvu ndi luso lawo kwa alimi atsopano a minda ing'onoing'ono. Lusolo si lamasewera. Amene amadziwa kufesa nazale, kusunga moto wa m'balani usiku wonse kuti tsamba lituluke lachikasu, ndi kusankha fodya m'magiredi ake, kawirikawiri ndi wa m'komboni. Koma malipiro ake ndi a tsiku, kapena a mugwazo: mizere yakutiyakuti, ndalama zakutizakuti. Mbewu yake yeniyeni ndi masiku a ntchito. Mvula ikadula, kupalira kwachiwiri kulibe, kubandira kulibe, kuthira feteleza wobereketsa kulibe. Fodya akafupika, masamba othyola achepa, mabalani oyatsa achepa, masabata osankha achepa. Mwini munda amataya zokolola mu Epulo. Waganyu amataya chakudya mu Febuluwale, pamene ufa uli pa mtengo wokwera kale.

Izi si zachilendo kwa ife Amalawi. A Megan Vaughan, polemba za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, adaonetsa kuti njalayo sidagwere onse mofanana: olembedwa ntchito yokhazikika adali ndi podalira, pamene amayi osiyidwa ndi anthu odalira ganyu adaona zakuda. A Amartya Sen adapeza zofanana ndi zimenezi pa njala ya ku Bengal ya 1943, kuti amene adavutika koposa adali antchito a m'minda ya eni, asodzi ndi ena opanda nkhokwe yawoyawo. Buku la a Sen lidatuluka mu 1981. Papita zaka zoposa 40, koma kalembera wathu wa chilala akadayambirabe pa funso lakuti "mwalima mahekitala angati, mwakolola matumba angati?" Wopanda munda funsoli limamudumpha. Mayina a olandira thandizo amadzera kwa masabhuku, ndiwo nyakwawa za kumeneko, ndi makhansala, ndipo komboni si mudzi wa mfumu iliyonse. Munthu amene sali m'buku la mfumu, chiphaso chake chili chokayikitsa, ndiponso akukhala m'nyumba imene mwini famu angamutulutsemo, sakweza mawu pamsonkhano wogawa chimanga.

Pali ena amene akamva zotere amayamba kuusa moyo, amvekere nthawi ya azungu zinthu zinkalongosoka, famu iliyonse inali ndi choyezera mvula ndi buku lake. Zoti mabukuwo adaliko n'zoona, ndipo kutayika kwa ambiri a iwo m'chipwirikiti cha 2000 ndi chitayiko cha dziko lonse, chifukwa mbiri ya mvula ya zaka makumimakumi pamalo amodzi sungaigule kwina. Koma tisanamizane. Choyezeracho chinkaima pakapinga wa kunyumba yaikulu. Wokatenga madziwo m'mawa adali wantchito wa m'dimba kapena kalaliki wa famu, koma bukulo linkagona muofesi. Bwana ankaliwerenga kuti adziwe tsiku lowokera, tsiku lopita kubanki, ndi tsiku lochepetsa antchito a nyengo. Wa m'komboni ankangomva zotsatira zake kwa folomani. Sindikulirira dongosolo limenelo. Chimene chikundiwawa n'chakuti mwini munda adasintha, mbendera idasintha, koma nambala ya mvula ikadali chuma cha olemera. Lero ili m'mafoni a alangizi a makampani a kontirakiti ndi m'makompyuta a mabungwe ku Harare.

Ena adzati: bwanji mukuvutika ndi zitini m'zaka za masetilaiti? Funsoli lili ndi nzeru, ndipo ndiliyankha mwaulemu. Ndi zoona kuti mabungwe monga FEWS NET amagwiritsa ntchito ziwerengero za CHIRPS, zokonzedwa ku yunivesite ya California ku Santa Barbara, zimene zimapereka chithunzi cha mvula kuyambira 1981 m'timabwalo ta makilomita pafupifupi asanu mbali zonse. Ndi chida champhamvu. Koma setilaiti imeneyi siona dontho likugwa. Imayeza kuzizira kwa pamwamba pa mitambo n'kuyerekeza mvula imene ingatulukemo. Kuti kuyerekezako kuwongoke, amakusakaniza ndi manambala a zoyezera zapansi. Zoyezera zikachepa, chithunzicho chimasokonekera, makamaka m'malo a mapiri ngati Mavuradonha. Wonena kuti setilaiti yalowa m'malo mwa choyezera sadziwa kuti setilaitiyo imadya za choyezera chomwecho.

Ndipo Amalawi tili ndi chipsera chotikumbutsa zimene zimachitika kompyuta ikasiyana ndi munda. M'nyengo ya 2015/16 boma lathu lidagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity, n'kulipira madola pafupifupi 5 miliyoni. Chilala chidabwera, anthu oposa 6 miliyoni adafunika chakudya, koma makina a bungwelo adati ovutika ndi ochepa kwambiri, kotero ndalama sizituluka. Atafufuza adapeza kuti makinawo adauzidwa kuti alimi amabzala chimanga chochedwa kucha, pamene ambiri adali atasamukira ku mbewu zocha msanga, za masiku ngati 90, zimene ng'amba idazipeza pa nthawi yoopsa ija. Atakonza, Malawi adalandira madola 8.1 miliyoni, koma mu Januwale 2017, miyezi yambiri boma litalengeza kale za ngoziyo. Mlimi aliyense wa ku Balaka akadafunsidwa akadanena mbewu imene ili m'munda mwake. Sadafunsidwe. Mu 2024 bungwe lomweli lidalipira Zimbabwe ndi mabungwe othandizana nayo madola oposa 30 miliyoni, zimene zili zabwino. Koma funso langa silisintha: m'makina amenewo muli mzere wa munthu wopanda munda?

Enanso adzati zolosera zilipo kale, anthu amangokanika kumva. Chaka ndi chaka akatswiri a zanyengo a m'maiko a SADC amakumana pa msonkhano wa SARCOF, umene udayambira ku Kadoma, m'Zimbabwe momwemo, mu 1997, ndipo mu 2023 adachenjezadi za El Niño. Sindinyoza ntchito yawo. Koma kulosera ndi kuyeza ndi zinthu ziwiri. Chaka choyamba chomwecho cha 1997, mantha a El Niño adachititsa alimi ena kuchepetsa minda ndi obwereketsa ndalama kuumira, koma chilala choopsa chimene chinkayembekezekacho sichidafike m'madera ambiri a Zimbabwe. Anthu adakhumudwa, ena mpaka lero sakhulupirira za pawailesi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ulosi wa mu Sepitembala ndi wapachala. Nambala ya m'chitini cha pasukulu, yolembedwa dzulo ndi mwana wako, ndiyo ili pamphuno. Palibe angakutsutse kuti masiku 16 apita popanda dontho pamene bolodi ikuonetsa maziro 16 ondondozana.

Kwa abale anga a m'komboni amene amati mvula ndi ya Mulungu, munthu sangaiwerengere, ndikuti zoonadi ndi yake, ndipo palibe chitini chidagwetsapo mvula. Pempherani, ndipo akuluakulu apitirize kuyang'ana mphepo, maluwa a mitengo ndi kulira kwa mbalame monga adaphunzirira kwa makolo. Zimenezo zilembedwenso m'kope lomwelo, tione pakapita zaka kuti zikugwirizana pati. Koma dziwani kuti amene mumakambirana naye za malipiro, za ngongole ndi za thandizo amabwera ndi manambala. Kampani ikamadula ngongole ya feteleza pa fodya wa mlimi wamng'ono chaka cha chilala, mlimiyo n'kulephera kulipira aganyu ake, mkangano wake umathera pa funso lakuti kodi mvula idavutadi kapena ndi ulesi. Wopanda nambala pamlandu wotere amangotsala ndi kulumbira.

Nazi tsono zimene ndikufuna, ndipo palibe chodula pakati pake.

Choyamba, nthambi ya zanyengo ya Zimbabwe pamodzi ndi alangizi a zaulimi a AGRITEX azike choyezera pasukulu iliyonse, pachipatala chilichonse ndi pakomboni iliyonse yaikulu, kuyambira ku Centenary kudzera ku St Albert's mpaka kutsikira kuchigwa. Wowerenga asankhidwe ndi anthu okhala pamalopo, aphunzitsidwe, ndipo azilandira kangachepe ka mayunitsi a foni. Nambala izipita ku Harare, inde, koma iyambe yalembedwa pabolodi pamjigo kapena pachigayo, pamene aliyense adutsa. Ndalama zake zisasowe. Fodya wa Zimbabwe amagulitsidwa madola mamiliyoni mazanamazana chaka chilichonse, ndipo woposa 90 mwa 100 amalimidwa pa kontirakiti. Bungwe la TIMB, limene limapereka ziphaso kwa makampani ogula, likhoza kulamula kuti kampani iliyonse izike zoyezera m'dera limene ikugulamo ndi kuulula manambala ake poyera. Amene amadya za mvula ya ku Centenary asabise kuchuluka kwake.

Chachiwiri, uthenga ufike m'chinenero cha anthuwo. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo wailesi ya National FM imaulutsa kale mapologalamu m'Chichewa. Nanga n'chifukwa chiyani gogo wa m'komboni azimva za ng'amba m'Chingelezi cha akatswiri, chodzaza ndi mawu ozungulira? Auzidwe mosabisa: kwanuko kwagwa mamilimita akuti chiyambire Novembala, zaka zambiri pofika lero amakhala atakwana akuti, masiku ouma afika akuti, chimanga chobzalidwa sabata yakuti chili pangozi. Potero adziwe ngati n'kwanzeru kuthira thumba lake limodzi lija la feteleza, kapena kulisunga. Kubzala nyemba ndi mbatata kudambo, kapena kugulitsa mbuzi mitengo isanagwe.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, kalembera wa chilala awerenge masiku a ganyu. Wowerenga mvula yemweyo, kapena nthumwi ya bungwe la antchito a m'mafamu la GAPWUZ, azilemba sabata iliyonse kuti m'komboni muno anthu angati adapeza ntchito, masiku angati, pa mtengo wanji, ndipo ndowa ya chimanga ikugulidwa zingati. Manambala awiriwa, malipiro a tsiku ndi mtengo wa ndowa, akayamba kutalikirana, njala yalowa, ngakhale minda ikuonekabe yobiriwira kwa wodutsa pagalimoto. Pakhale mlingo wogwirizana nyengo isanayambe: masiku ouma akafika pakuti chimanga chili pa ngayaye, kalembera wa m'makomboni ayambe sabata yomweyo, osadikira kuti nduna ziyendere minda mu Malichi ndi kuti lipoti lisindikizidwe mu Meyi. Ndipo komboni ilembedwe payokha, ndi anthu ake, popanda kufunsa kuti agogo ako adabadwira kuti.

Wina adzati ziwerengero za anthu wamba sizidalirika, ena adzalemba maziro abodza kuti alandire chimanga. Zotheka. Koma mankhwala ake ndi kuchulukitsa zoyezera, osati kuzichotsa. Zitini zisanu zoyandikana sizinganame mofanana, ndipo setilaiti ija ilipo yotsimikizira. Komanso tinene chilungamo: m'mbiri ya njala m'maiko athu ano, mabodza amene adapha anthu sadachokere m'makomboni. Adachokera m'maofesi, kwa anthu amene ankauza atsogoleri kuti chakudya chilipo chokwanira. Amalawi amene adaona 2002, nkhokwe za boma zitagulitsidwa ndipo chiwerengero cha chinangwa ndi mbatata chitakokomezedwa, safunika kuwakumbutsa.

Nafenso kuno kumudzi tisadzione ngati oyera. Nyumba ya Malamulo idathetsa dongosolo la matenanti mu 2021, koma m'maesiteti a ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Mzimba mukadali mabanja ochokera ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Machinga amene chakudya chawo chimadalira fodya wa mwini. Nthambi yathu yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo yapita patsogolo potulutsa ulosi wa boma lililonse ndi kuumasulira m'Chichewa, ndipo iyamikidwe. Koma funso la ku Centenary likuyenera kufunsidwanso ku Santhe ndi ku Mkanda: wogwira ntchito m'munda wa wina akuwerengedwa pati? Ofesi ya kazembe wathu ku Harare nayo isamangodziwika ndi mapasipoti ndi zikalata zonyamulira maliro. Ili ndi pakamwa pofunsira boma la Zimbabwe, mwaubale, ngati makomboni ali m'kaundula wa thandizo.

Ntchito ya fodya ili ndi kalendala yake yosaphonya: nazale zimafesedwa kuyambira pa 1 Juni, wothirira amawokeredwa kuyambira pa 1 Sepitembala, ndipo mapesi akale amayenera kuzulidwa pofika pa 15 Meyi, wochedwa amalipitsidwa. Boma limene limatha kukakamiza masiku amenewa pofuna kuteteza tsamba ku matenda likhozanso kuika tsiku lina pa kalendala yomweyo pofuna kuteteza anthu amene amalima tsambalo. Ndikupereka la 1 Okutobala. Pofika tsiku limenelo komboni iliyonse ya m'boma la Muzarabani ikhale ndi choyezera chozikidwa, wowerenga wodziwika ndi dzina, ndi mndandanda wa mabanja ake uli kale kuofesi ya zachisamaliro cha anthu. Khansala amene dera lake lidzakhale lopanda zitatuzi adzafotokoze chifukwa chake pamsonkhano wa anthu, m'Chishona ndi m'Chichewa.